Chala Chobwereka

A Verna Sawchyn anapukuta chala pamalaya n'kuchiika pa kagalasi kozindikira zala. Kabati inaphethira kofiira. Anachiuzira mpweya ngati akuziziritsa tiyi, n'kuchiikanso. Kofiira. Anachipaka pamphumi, kenako m'mbali mwa mphuno momwe mumakhala timafuta, monga amachitira anamwino onse chala chikauma, koma kabatiyo inangolira kuti tii, n'kulemba mawu ake a masiku onse: sindikukudziwani, yesaninso.

“Sukundidziwa ine?” anatero a Verna chapansipansi. “Iwe wabwera dzana lomweli, sukundidziwa ine?”

Kabatiyo anamwino a m'chipatala chathu anaipatsa dzina loti Apongozi, chifukwa sunkatengamo kanthu usanafunsidwe kuti ndiwe yani, ukutenga chiyani, ukupita nacho kwa yani. Inali yaitali kuposa munthu, ya zitseko zagalasi ndi madirowa ambirimbiri, ndipo munkakhala zonse zimene dzanja la namwino limafuna: mabandeji, ulusi wosokera mabala, timapaipi ta diripi, masirinji. Ukaika chala n'kusankha dzina la wodwala, dirowa yoyenera inkayaka yokha n'kutseguka. Potseka, Apongozi anali atawerenga kale chimene chachoka, ndipo anali atalemba dzina lako.

Tsono a Verna sanali munthu womufunsa kuti ndinu yani. Analowa m'chipatalacho ali mtsikana, pano tsitsi linali mbuu. Theka la tauni yathu linabadwira m'manja mwawo, theka linalo anali atalisoka, kulisambitsa kapena kulikalipira. Bala limene amanga a Verna unkalidziwa ukadali pakhomo la wodi, loyera, lolimba, lopanda khwinya. Chofooka chawo chinali mtima wapachala ndi pakamwa pothamanga kuposa mutu.

“Manang, akukaniraninso?”

Anali Divina Pagaduan, namwino wamng'ono thupi wochokera ku Philippines. Manang ndi mmene kwawo amaitanira mkulu wawo wamkazi, ndipo m'chipatala monse ankangotchula a Verna okha choncho. Divina anayang'ana uku ndi uku m'khonde, n'kugunditsa chala chake pa kagalasi ngati munthu wongodutsa. Kobiriwira. A Verna anasankha dzina la wodwala wawo, dirowa inayaka, anatenga bandeji.

“Mulungu akudalitse, mwanawe. Mawa changa chichita.”

“Mumatero tsiku lililonse, Manang.”

“Ndiye mawa lake silinafike. Choka apa, odwala akukudikira.”

Kale kunalibe zoterezi. Katundu ankakhala m'chipinda chakumapeto kwa khonde, chopanda windo, makatoni pamwamba pa makatoni. Anthu amachikumbuka mokoma chipinda chimenecho, koma tinene zoona, chinali chabodza. Katoni inkaoneka yodzaza, ukapisamo dzanja n'kupeza mapepala okhaokha. Chimene ukufuna lero chinkapezeka sabata yamawa, chitatha kale mphamvu. N'chifukwa chake namwino aliyense anali ndi pobisa pake. Ena ankabisa m'malokala, ena kuseri kwa mabulangete, ndipo a Verna ankakwera pampando m'chipinda chochapira n'kutukula thabwa la siling'i. Ukatulukira pobisa pa mnzako unkaba osaphethira, mawa n'kumuthandiza kufunafuna.

Chipinda chomwecho ndi chimene chinawalemaza kachala kotsiriza ka kumanzere. Ali mtsikana, kunabwera mwana wobanika, kapaipi kakang'ono kopumira kali m'katoni yosatsegula. Anaing'amba ndi mpeni mothamanga mumdima muja, mpeni n'kutsetsereka. Mwanayo anapulumuka. Kachalako anakasoka pambuyo pake mwachisawawa, kanapola kopindika, chipsera chachikulu chitadutsa pakati. A Verna ankachita nako manyazi, ndipo pojambulitsa ankakapinda m'chikhatho.

Tsiku limene anamva zoti kukubwera kabati, a Verna anapsa mtima. Msonkhano anaitanitsa ndi Colette Beaudry, woyang'anira anamwino, amene a Verna omwewo anamuphunzitsa kubaya jakisoni akadali wophunzira. Colette asanamalize n'komwe kufotokoza, iwo anali ataimirira kale.

“Tamverani, bwana. Tsiku limene ine ndidzapemphe chilolezo kwa firiji kuti ndimange bala la munthu, mudzangondiika m'bokosi. Ndipo sindidzabwera ku ofesi kwanuko kudzadandaula za firiji yanuyo, olo mpang'ono pomwe!”

Anthu anawomba m'manja, ena kugubuduka ndi kuseka. Colette anangosonkhanitsa mapepala ake, makutu ali psuu. Pajatu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Koma pa tsikulo a Verna anatuluka akuyenda ngati apambana mlandu.

Kabati inabwerabe. Bambo amene anadzaiika anauza aliyense kuti asankhe chala chabwino, chopanda chipsera, kuti kabati ichiloweze. A Verna anapereka chamkombaphala cha kumanja nkhope atayang'anitsa kumbali, ndipo inachilandira.

Chimene palibe ankadziwa n'chakuti a Verna kabatiyo anadzaikonda. Zinayamba nthawi yokolola tirigu. Anthu anabwera ndi mlimi wina, Orest Dubyk, pa galimoto ya pafamu, mkono utakokedwa ndi makina okwezera tirigu m'nkhokwe, magazi ali chuchuchu mpaka m'nsapato. Miyendo ya a Verna inayamba yokha kulowera kochapira kuja, ku siling'i, koma kabati ndi imene inali pafupi. Anaika chala. Madirowa anayaka limodzi pambuyo pa linzake ngati akuti ndili pano, ndili pano, ndipo chilichonse chimene dokotala anakuwa chinalimo, chokwanira, chatsopano. Palibe anathamangira ku wodi ina kukapempha. Palibe anatukwana. Orest anakwera ndege yopita ku chipatala chachikulu cha mumzinda wa Winnipeg, mkono wake uli pathupi, ndipo lero amayendetsa nawo thirakitala.

M'mawa mwake a Verna anapeza madirowa aja adzazanso, chifukwa kabati inali itaitanitsa yokha katundu iwo akuchapa magazi m'manja. Anapita kochapira, anatseka chitseko, n'kukwera pampando. Timapaipi tawo tobisa tija tinali titatha mphamvu kalekale, pulasitiki yake itachita chikasu. Anakhala kaye chiimire pampandopo, akuganiza za mkono wa Orest. Kenako anatitaya m'bini mwakachetechete n'kubwezera thabwa lija.

Kuyambira pamenepo, m'khonde mukakhala mopanda anthu, ankapukuta galasi la kabati ndi mkono wa juzi n'kunong'ona kuti, “Mwagwira ntchito, mayi.” Ankachita nayo chidwi mmene inkachenjezera katundu asanathe mphamvu, mmene inkadzazira mashelefu msewu usanatsekeke ndi chipale chofewa, mmene inalibe tsankho pakati pa dokotala ndi wophunzira. Mlendo ndi amene amabweradi ndi kalumo kakuthwa. Koma pagulu, ee, inali firiji basi, ndipo ankainyoza mokweza kuti aliyense amve.

Ndiye chisanu chinabwera. Manja amene asamba sopo ndi mankhwala kambirimbiri patsiku kwa moyo wonse sakhalanso ndi mizere. Zala za a Verna zinali zosalala ngati sopo wotha, ndipo mphepo youma ya nyengoyo inamalizitsa timizere totsalato. Kabati inayamba kukayika, kenako inawakaniratu. Mankhwala ake anali apafupi: kugogoda pa ofesi ya Colette n'kunena kuti firiji ija yandiiwala. Koma apite bwanji, mlomo uja uli chikhalire pakhomo pomwepo kuwadikira?

Apa ndi pamene analowera Divina. Mtsikanayu anafika m'tauni yathu chisanu chapitacho atavala kajekete koti ngakhale galu akanakakana. A Verna anamupeza pamalo oimika magalimoto mano akugundana, anamukalipira ngati wapalamula, mawa lake n'kumubweretsera chikhoti cha malemu mng'ono wawo. Anamuphunzitsa kulumikiza galimoto ku magetsi kuti injini isaume, anamuphunzitsa kuyendetsa pa msewu woterera, ndipo Lamlungu lililonse ankamudyetsa mapirogi, timikate ta mbatata m'kati, mpaka kupempha chifundo. Divina anasiya ana aakazi awiri kwawo, kwa mayi ake. Mapepala owabweretsera anali pafupi kutheka, ndipo onse anatsamira pa chinthu chimodzi: akhale pa ntchito, dzina lake lili loyera. A Verna anali atawalukira kale anawo timagolovesi taubweya tiwiritiwiri, tofiira ndi tobiriwira. Munthu wotere akakupempha chala, ungamukanize?

Choncho chala chinabwerekedwa nyengo yonse ya chisanu, mwakabisira, ndipo onse awiri sanaganizepo kuti Apongozi akulemba.

Nkhani inaphulikira m'chipinda chodyera, masana. A Verna anali atangotsegula supu wawo pamene Tannis Friesen, namwino wa pakamwa posatseka, anakoka mpando.

“Mwamva? Akuluakulu a ku Winnipeg aimba foni. Akuti Apongozi aulula munthu.”

“Aulula ndani?” anafunsa wina.

“Divina wathu wofatsa uja! Akuti akutenga katundu wa anthu awiri yekha, kwinaku akulembera odwala oti si ake. Mabandeji odula aja, a mabala ovuta aja. Inu mumati chibokosi chimene amatumiza kwawo chija mumakhala chokoleti chokhachokha?”

“Aa, iwe Tannis, usatero.”

“Ine ndangomva. Lachisanu akukakhala naye pansi. Zikavuta, basi, ndege yobwerera kwawo.”

Supu uja anawawira a Verna m'kamwa. Apa ndiye panali poti munthu wa pakamwa ngati iwo amenye tebulo. Koma abale, anakhala chete! Mayi amene anakalipirapo dokotala wamkulu pamaso pa odwala anangoti ndwii pa supuni. Anatseka chakudya chawo n'kutuluka. Tsiku limenelo anazemba kabati, ndipo anazemba Divina. Anadziuza kuti mwina zizizira zokha, mwina a ku Winnipeg aiwala. Anachita mantha, ndipo anadzida chifukwa cha manthawo.

Mawa lake poweruka anamupeza Divina panja akuzula chingwe cha galimoto ku magetsi, atavala chikhoti chija, chomufika m'maondo. Mphepo inkaluma ngati ili ndi mano.

“Iwe, bwanji sunandiuze?”

“Za chiyani, Manang?”

“Usandipusitse ine. Colette wakufunsa?”

“Andifunsa.”

“Ndiye wati chiyani?”

Divina anakulunga chingwe pamkono pang'onopang'ono. “Ndati ndinatsegula ndine. Si bodza.”

“Wopusa iwe! Bwanji sunatchule dzina langa?”

“Kuti akusekeni chipatala chonse? Tannis akuyeseni nyimbo mpaka mudzapume pa ntchito?” Anapukusa mutu. “Kwathu munthu amene wakufunditsa sumuvula pagulu, Manang. Ndipeza ntchito kwina. Mwina kosamalira okalamba.”

“Nanga ana?”

Divina anatsegula galimoto, anakhala pansi, n'kuyang'ana kutsogolo nthawi yaitali. Kenako anati, “Ndawauza mayi kuti asawagulire kaye masutikesi.” Anatseka chitseko n'kunyamuka bwinobwino pa msewu woterera uja, ndendende mmene anamuphunzitsira.

A Verna anatsala chiimire, misozi ikuumira m'masaya. Kunyumba anapeza timagolovesi tija tili pa tebulo pamene anatisiya. Anatiyang'ana, anayang'ana zala zawo zosalalazo, n'kudzitukwana mokweza m'chinenero cha agogo awo, mawu amene sitingawalembe pano.

Lachisanu m'mawa Colette anali atangokhala pansi, khofi ali m'manja, Divina ali pampando wa patsogolo pake manja ali pamiyendo ngati mwana wa sukulu, pamene chitseko chinatseguka popanda kugogoda.

“A Verna, tili pa nkhani ya...”

“Nkhani yake ndi ine. Dzukani nonse, tiyeni kwa Apongozi.”

“Mayi Sawchyn, ino ndi ofesi.”

“Iwe Colette, ndinakugwira dzanja pobaya jakisoni wako woyamba, ndipo unalira kuposa wodwala. Dzuka.”

Anadzuka. Anayenda m'khonde a Verna ali patsogolo, ndipo mukudziwa mmene chipatala chaching'ono chimakhalira: pofika pa kabati, aliyense anali atapeza chifukwa chodutsira pamenepo. Tannis anafika atanyamula pilo woti palibe anamupempha.

A Verna anakweza chala kuti onse achione, n'kuchiika pa kagalasi. Kofiira. Anachipaka pamphumi. Kofiira. Pamphuno. Tii, sindikukudziwani, yesaninso.

“Mwaona? Firiji yanu ija sindikuinyozanso, ndi iyo ikundinyoza ine. Inandiiwala chisanu chitangoyamba. Ndinachita manyazi kubwera kwa iwe chifukwa cha pakamwa pangapa, ndiye ndakhala ndikubwereka chala cha mwanayu. Mabandeji onsewo ndinatenga ndine, ndipo ali pa mabala a anthu. Mukufuna wakuba, wakuba chala ndi uyu waima apayu.”

Colette anawayang'ana, kenako anayang'ana Divina, amene maso anali pansi.

“Ine ndikukukhulupirirani,” anatero Colette mofatsa. “Koma a ku Winnipeg sakudziwani. Anena kuti mayi wachikulire watsala pang'ono kupuma, akuphimba mnzake. Mawu okha sakwanira.”

A Verna anali ataganiza kuti chovuta ndi kuvula manyazi basi, kuti akangotsegula pakamwa nkhani yatha. Anatembenukira kabati ija, yaima phee, nyali zake zikuyaka ngati palibe chachitika. Ndipo mwina chifukwa anali atazolowera kuyankhula nayo m'khonde mukakhala mopanda anthu, nzeru inawafikira.

“Ndiye musafunse ine. Funsani Apongozi omwewa. Munawafunsa kuti Divina watenga chiyani. Tsopano afunseni kuti Verna Sawchyn watenga chiyani.”

Colette anaika chala chake, anadinadina pagalasi, n'kuima. Anadinanso.

“Palibe,” anatero. “Kuyambira kumayambiriro kwa chisanu, palibe ngakhale kathonje.”

“Ehe. Ndiye kapena ndakhala ndikumanga mabala ndi malovu. Tsopano afunseni kuti katundu wowonjezera wa Divina uja anapita kwa odwala a ndani.”

Mayina anatsika pagalasi, Colette akuwawerenga ndi milomo yokha. Agogo a bala la shuga aja. Bambo wopsa ndi mbaula uja. Mayi wa opaleshoni yosapola uja. Aliyense m'khondemo ankadziwa amene ankawamanga anthu amenewo, chifukwa mabandeji ake ankadziwika ukadali pakhomo. Ndipo masiku amene a Verna anali pa tchuthi, Divina ankatenga za munthu mmodzi, ndendende, osapitirira ngakhale sirinji.

Kabati ija sinaiwale kanthu, sinawonjezere kanthu, sinakondere munthu. Inasunga zoona zonse nyengo yathunthu, theka lomuneneza mwanayo ndi theka lomupulumutsa, kudikira kuti wina afunse funso lachiwiri. M'chipinda chakale chija, Divina akanangomira ndi mphekesera za Tannis, popanda womuikira umboni.

“Izi ndiye a ku Winnipeg azimva,” anatero Colette, ndipo anapumira m'mwamba ngati watula katundu. “Divina, dzina lako layera. Koma kubwereketsa chala n'kulakwa, ndipo nonse mukudziwa.”

“Mlandu umenewo ulembe pa ine,” anatero a Verna. “Ndinamukakamiza. Ulembe ndi zilembo zikuluzikulu.”

“Ndilembadi, musadandaule.” Pakamwa pa Colette panagwedera ngati akubisa kumwetulira. “Ndipo kubwerekana kwatha lero. Bweretsani manja kuno, tione ngati firiji ingakulandireninso.”

Tannis anayamba kusuntha ndi pilo wake uja, koma a Verna anamuona. “Ima pomwepo, iwe. Za chokoleti zija ukapepese wekha, pamaso pa anthu omwe unawauza aja.”

Anayamba ndi dzanja lamanja. Chala chachikulu, kofiira. Chapakati, kofiira. Chimodzichimodzi mpaka dzanja linatha. Colette anawapaka mafuta, anayesa kumanzere. Kabati inkayang'ana chala chilichonse n'kupeza posalala pokhapokha, popanda choti igwire. Anthu amene poyamba ankamwetulira anasiya. Zinali zomvetsa chisoni kuona manja amene agwira tauni yonse akukanidwa chala ndi chala, ndipo a Verna nkhope inayamba kugwa. Ngati kabati siwadziwa, ndiye kuti pa wodi achokapo, akakhale pa desiki kuyankha mafoni.

“Zatha,” anatero, akubweza dzanja. “Sopo anadya zonse.”

“Chatsala chimodzi, Manang.”

Anali mawu oyamba a Divina chilowereni m'khondemo. Anagwira dzanja lamanzere la a Verna, n'kutambasula kachala kopindika kamene anakabisa m'chikhatho mwachizolowezi.

“Aka ayi. Bambo uja anati chopanda chipsera.”

“Bambo uja sanaone manja anu.”

“N'konyansa, mwanawe.”

“Ikani, Manang. Inu mwandibwereka changa chisanu chonse, lero ikani chanu.”

Anakaika chammbali, chifukwa sikankawongoka. Kabati inachedwa kuphethira, ngati ikuganiza. Sopo wa zaka zonsezo anali atafufuta mizere yonse imene a Verna anabadwa nayo, koma mzere umene unalembedwa ndi mpeni m'chipinda chamdima chija, tsiku la mwana wobanika, analephera kuufufuta. Colette anawauza kuti achotse n'kuikanso, kenako n'kuikanso.

Kobiriwira. Pagalasi panalembedwa kuti: Verna Sawchyn, takulandirani.

Wina anakuwa, ena anawomba m'manja, ndipo Colette anatembenukira kukhoma n'kumapukuta m'maso ngati mwalowa kanthu. A Verna sanaone zonsezo. Anakayang'ana kachala kaja nthawi yaitali, ngati akukaona koyamba. Kenako, pamaso pa chipatala chonse, anakoka mkono wa juzi n'kupukuta galasi la kabati.

“Mwagwira ntchito, mayi,” anatero mokweza. “Ndinakulakwirani.”

“Tikuikeni m'bokosi tsopano?” anafunsa Colette.

“Udikire kaye, ndili ndi mabala oti ndimange.”

Anthu atabalalika, anatsala awiri. Divina anali atatsamira khoma, akulira mopanda phokoso, mapewa okha akugwedezeka. A Verna sankadziwa kutonthoza munthu mofatsa, ndiye anachita mmene amadziwira.

“Ukulira chiyani tsopano? Kwanu ili nthawi yanji?”

“Usiku, Manang. Koma sanagone.”

“Ndiye ukuima pano ngati mtengo bwanji? Pita ukaimbe foni. Uwauze mayi ako akagule masutikesi, aakulu, koma asaikemo tijekete ta kwanu tija. Zofunda zili kale kwanga. Odwala ako ndikuonera ine.”

Divina anapukuta m'maso, anayenda pang'ono, n'kutembenuka mwachizolowezi cha chisanu chonse.

“Nanga akutsegulirani ndani?”

A Verna anakweza kachala kopindika kaja m'mwamba, osakabisanso.

“Thamanga, iwe. Ana akudikira.”